Tikwirira Loweruka

Mayi Varsenik anaponda mpesa kuti ugone pansi, koma atangowerama kuti atole fosholo, mpesawo unadzuka n'kuwakwapula pachibwano. Anautukwana. Anaupondanso, n'kuponyapo dothi, dothilo n'kutsetserekera kumunsi.

"Ntchito ya anthu awiri imeneyo, amake Gurgen," anatero mayi Paytsar, mnansi wawo, atatsamira mpanda wamiyala. "Wina aponde, wina akwirire. Kapena mwamera miyendo inayi?"

"Ndiye lowani mundipondere."

"Ndi maondo ati? Angawa ndimachita kuwanyengerera m'mawa uliwonse kuti andifikitse kuchimbudzi."

Mayi Paytsar analoza phiri ndi milomo. Chipale chofewa chimene sabata yatha chinali pansonga chinali chitatsika mpaka pamalire a msipu. A pawailesi anali atanena kuti Loweruka chifika m'mudzi.

Kwathu kuno kumtunda kwa chigawo cha Vayots Dzor mpesa sugona panja nyengo yozizira. Anzathu a kuchigwa amangodulira n'kupita kukamwa khofi. Ife tikakolola timaumasula, timaugoneka, n'kuukwirira mpaka munda wonse usanduke mitumbira yokhayokha. Ukazengereza nthaka imauma gwa, fosholo imangolira, ndipo mpesa wosakwirira chisanu chimaupsereza. Kale amuna ankachita mothandizana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, vinyo akuyenda. Masiku ano amunawo akumanga nyumba za eni ake ku Russia, ndipo m'mudzi mwatsala nkhalamba ndi agalu.

Munda umenewu anabzala ndi bambo awo a Sedrak, amuna a mayi Varsenik. A Sedrak eni ake sanaphonyepo chaka osakwirira, koma atangotha kufinya mphesa chaka chino anagwa pakhomo, mbali yakumanja n'kufa ziwalo. Tsopano ankangogona pafupi ndi zenera, maso ali kumunda. Pakamwa pokha ndi pamene matenda anaiwala. Madzulo aliwonse ankafunsa kuti mwafika pati, mayi ankayankha kuti pa mtengo wa apurikoti, ngakhale kuti pamtengopo anali asanayandikire n'komwe. Za matendawa a Sedrak analetseratu kumuuza mwana wawo Gurgen. Ankati mwana ali pantchito, musamusokoneze mutu.

Tsiku limenelo, Lachitatu, mayi Varsenik anaponya fosholo pansi, n'kukwera ku katchalitchi kakale ka pamwamba pa mudzi, kumene netiweki imagwira. Anafika akupuma ngati ng'ombe yangolo. Gurgen anali atatha zaka osaponda m'mudzi. Ukamuitana ankati kapitawo salola, ndipo mayi anali atatopa nalo yankho limeneli. Mphepo inkaomba kwambiri moti ankachita kukuwa.

"Gurgen, bambo ako anagwa. Agona, sadzukanso. Ine ndatheratu, mwanangu. Tiyenera kukwirira pofika Loweruka, ndipo okumba palibe."

Foni inaduka.

Tsono vuto ndi lilime lathuli. Mawu okwirira mpesa ndi mawu okwirira munthu ndi amodzimodzi, ndipo palibe anadandaulapo, chifukwa munthu amaona yekha ngati wanyamula fosholo kupita kumunda kapena kumanda. Koma pafoni munthu saona. Foni italiranso, mayi anamva mwana wawo, bambo wa ana awiri, akulira ngati khanda.

"Amayi, musakwirire ndisanafike. Mundidikire, chonde."

Mayi Varsenik anatsegula pakamwa. Mawu oti ali moyo anali pansonga ya lilime. Koma kuchokera pamenepo munda wonse unkaoneka bwinobwino, kangodya kamodzi kokwirira, kwina konseko mpesa uli mbuu pamtetete. Msana unkawawotcha, m'manja muli matuza.

"Fulumira, mwanangu," anatero, n'kuzimitsa foniyo.

Potsika anamuuza Paytsar yekha. Mayiyo anagwira pakamwa, n'kuwakumbutsa kuti walira mvula walira matope. Mayi Varsenik anati matopewo adzawaona akadzafika, panopa akufuna mvula. Kunyumba mayi Varsenik sanawauze kanthu amuna awo. Anawadyetsa, anawatembenuza, anawapukuta, ndipo atafunsa kuti mwafika pati anayankha za apurikoti zomwe zija.

Lachisanu m'mawa takisi inaima pachipata. Gurgen anatsika atavala jekete lakuda, ndevu zosameta, maso ofiira, maluwa ali m'manja. Anayang'ana pakhonde pamene timaimika chivundikiro cha bokosi pakakhala zovuta. Panali tsache. Anamvetsera kulira kwa amayi a m'mudzi, anangomva nkhuku. Anakankha chitseko pang'onopang'ono, n'kupeza bambo ake atatsamira pilo, akulimbana ndi supu ndi dzanja lamanzere.

"Tseka chitseko, ukulowetsa mphepo," anatero a Sedrak. Kenako anamuyang'anitsitsa. "Gurgen? Nanga maluwawo? Wamwalira ndani?"

Gurgen anakhala pansi pomwepo, maluwa ali pamiyendo. Mayi Varsenik anaima pakhomo la khitchini akupukuta manja ouma kale, n'kuyamba kufotokoza za mphepo ndi netiweki. Mwana anawafunsa funso limodzi lokha, loti iye ataimbanso kachiwiri kodi mphepo inali ikadalipo. Mayi anapitiriza kupukuta manja aja.

A Sedrak atamvetsa nkhaniyo anaseka mpaka supu inatayikira pabulangete, kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa. Kenako kuseka kuja kunatha kokha.

"Ine wamoyo ndakuitana mpaka mawu kusasa," anatero. "Ine wakufa ndangotsokomola kamodzi, wafika pa ndege. Ndikanadziwa ndikanafa kalekale."

Gurgen anadzuka, anagwira nkhope ya bambo ake ndi manja onse awiri ngati akufuna kutsimikiza, n'kutuluka. Anavula jekete lija, analikoleka pampanda, anatenga fosholo. Mayi anamutsatira.

Anagwira tsiku lonse osalankhulana. Mayi ankaponda, mwana ankakwirira, ndipo dothi linkagwa pamapazi a mayi mwamphamvu kuposa mmene linkafunikira. Mayi sanadandaule. Manja a Gurgen anali asanaiwale. Mpesa wokalamba, wa tsinde lokhuthala ngati mkono, ankaugoneka mosamala kuti usathyoke m'chiuno, monga momwe anamuphunzitsira bambo ake. Masana mayi Paytsar anabweretsa lavashi, buledi wathu wopyapyala uja, ndi tchizi, nati pepani ndi zovutazi, koma ataona kuti palibe akuseka anasiya mbale pamwala n'kubwerera. A Sedrak ankaonerera pazenera, ndipo okwirirawo atadutsa mtengo wa apurikoti anagogoda galasi ndi supuni kuti mayi adziwe kuti bodza lija analidziwa kuyambira kale.

Loweruka kunacha kumwamba kuli bii. Pamene ankafika mzere womaliza, timadontho toyera tinali titayamba kugwera pamapewa. Gurgen anaponya fosholo yomaliza, anatsendera mtumbira ndi nsapato, n'kutsamira mpini. Mayi Varsenik anayesa kuongoka, msana unakana. Mumtima munali mpumulo umene anali atauiwala, ndipo anati mwina mwana wakhululuka. Anamuuza kuti mpesa wa agogo ake wapulumuka, ndipo masika adzamutumizira vinyo.

"Amayi, mukudziwa chimene mwawononga?" anafunsa Gurgen, mawu ali pansipansi. "Kumene ndimagwira kuja munthu sachoka nyumba isanathe. Ukachoka, mawa pamalo pako pali wina. Chimene amalola ndi maliro a kholo basi, kamodzi kwa bambo, kamodzi kwa mayi. Kapitawo anandigwira paphewa. Anzanga anandipepesa, tinamwa pokumbukira bambo. Kumeneko bambo anga anamwalira Lachitatu."

"Ukawauze zoona."

"Ndikawauza zoona ntchito yatha, ndipo adzukulu anu adya chipale chimenechi. Ndikapanda kuwauza, tsiku lenilenilo ndidzati chiyani? Bambo samwalira kawiri, amayi."

Mayi Varsenik anayang'ana mitumbira ija kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Anali ataona dzanja la amuna awo mmene linkafotera, anali atamva mmene adokotala ananong'onezera pakhonde kuti nyengo yozizira ino mukhale tcheru. Anamva manyazi ndi chisoni, koma kutopa kunaposa zonse, moti ngakhale misozi sinabwere. Anatola fosholo, n'kutsika.

Kunyumba a Sedrak anaona nkhope zawo n'kufunsa ngati mpesa wathyoka. Mayi anawauza zonse, osabisa kanthu, atakhala m'mphepete mwa bedi. Mkuluyo anayang'ana denga. Kenako anauza Gurgen kuti atsikire m'chipinda cha pansi akatsegule mtsuko wa pakona.

Mtsuko umenewo aliyense m'mudzi ankaudziwa. Unali wokwiriridwa mpaka m'khosi, pakamwa pomata ndi dongo. A Sedrak anausunga chaka chimene mphesa zinapsa bwino kuposa zaka zonse, nati ameneyu ndi vinyo wa pamaliro anga, aliyense womukhudza ndili moyo ndidzamudula zala. Pa ukwati wa Gurgen anthu anapempha, iwo anakana.

"Amenewo ndi malodza, bambo a Gurgen," anatero mayi Varsenik.

"Malodza munayamba ndinu pafoni. Ine ndikungomalizitsa. Mwana wabwera kumaliro a bambo ake, asabwerere osawaika. Tandivekani suti."

Anawaveka. Mkono wakufa uja unavuta kulowa, mayi ndi mwana anachita kuthandizana. Mayi Paytsar anazungulira mudzi kuitana otsala, ndipo anabwera ndi ndodo zawo, ena akung'ung'udza kuti a Sedrak matenda afika kumutu. Koma vinyo wa pakona uja palibe akanamukana. Maluwa a Gurgen, amene anali atayamba kufota pazenera, a Sedrak analamula kuti awaike pachifuwa pawo. Vinyo anatuluka wakuda, wonunkhira nthaka ndi zipatso zouma, ndipo atathiridwa m'matambula m'chipinda munakhala bata.

Gurgen anaimirira ndi tambula m'manja, monga mwana wamwamuna amachitira anthu akabwera kuchokera kumanda. Anayang'ana m'tambulamo, n'kuyang'ana bambo ake.

"Nena, ndikumva," anatero bambo ake. "Anzanga onse anapita osamva zawo."

Ndiye ananena. Ananena za mmene bambo ake ankamunyamulira pakhosi kupita kumunda, za khofi limene anamumenya atathyola mpesa posewera, ndi mmene madzulo ake anamubweretsera mphesa zouma m'thumba la jekete osanena pepani. Anati bambo ake anali munthu wovuta, wosamva za mnzake, koma sanadyepo cha munthu. Anati akupempha kuti amukhululukire pochedwa. Pamenepo anakhala pansi n'kuphimba nkhope, ndipo nkhalamba zimene zinabwerera vinyo zinayamba kufunafuna mipango.

Mayi Varsenik anatambasula dzanja kuti agunditse tambula yawo ndi ya amuna awo, monga ankachitira kuyambira tsiku la ukwati. A Sedrak anabweza yawo.

"Pamaliro sitigunditsa, mayi. Mwaiwala mwambo?"

Anamwa osagunditsa. Mayi Paytsar anati vinyo wotere n'zoona sakanayenera kumwedwa mwiniwake palibe, ndipo a Sedrak anati akamufune wina wofa bwino kuposa iwo.

M'mawa mwake takisi inabwera matayala atamangidwa maunyolo, woyendetsa akuti akachedwa msewu utsekeka. Gurgen anavala jekete lakuda lija. Anapsompsona bambo ake pamphumi, nthawi yaitali, osanena kuti tionana. Pachipata anakumbatira mayi ake, n'kuwauza kuti foni azisiya yoyatsa. Mayi anaima mpaka galimoto inakhota kuseri kwa thanthwe.

Atalowa anapeza amuna awo akuyang'ana kumunda. Mitumbira yonse inali itafunda zoyera, ndipo chipale chinali chikugwabe.

"Mwana uja wandiika bwino," anatero a Sedrak. "Tsiku lijalo musadzavutike kukwera phiri ndi foni. Mudzamuuze kukadzafunda."

Mayi Varsenik anakhala pampando, n'kuyamba kuvula nsapato zamatope. Ankaganiza za mwezi umene chipale chimasungunuka, pamene mpesa wonsewo uyenera kufukulidwa msanga usanaolere pansi. Kufukula n'kowawa kuposa kukwirira.

"Nanga kukadzafunda adzafukula ndani?" anafunsa.

"Mwatsala inu," anayankha a Sedrak. "Kwa kapitawo uja, amayi ake simunamwalirebe."

Mayi Varsenik sanaseke. Anadzuka, anachotsa maluwa ofota aja pabedi, n'kuwafunditsa amuna awo kumapazi.