Phula pa Ng'oma ya Sardaana

Nditabwerera ku Glasgow patatha zaka khumi ndi zinayi, ndinapeza nyumba zosanjikizana za ku Sighthill, momwe ndinasiya mkazi ndi mwana, zitagwetsedwa zonse. Mwanayo, Joan, anali atakula, ndipo anandipatsa ola limodzi lokha. Osati kunyumba kwake, koma m'holo ya tchalitchi ku Springburn, komwe gulu lawo loimba limayeserera.

"Mukhale apo, Dad. Musakhudze kanthu," anatero m'Chichewa chopindika ngati cha mzungu wa mishoni. Ndinadziwa kuti ndikalakwitsa, ola lachiwiri silidzapezeka.

Joan ankaimba gitala ya besi. Kutsogolo kunali Sardaana, mtsikana wa ku Yakutia, ku Siberia, dera lomwe ndinkangolidziwa m'mabuku a akaidi. Anaika kachitsulo pamano n'kumakakodola ndi chala, kakulira ngati nyenje yotsekeredwa m'chitini. Kenako anatulutsa mawu apakhosi, ena ngati hatchi, ena ngati mbalame, magitala akubangula pansi pake. Ndinaiwala zoti mzindawu ndili nawo chifukwa. Ndinkangofuna kudziwa kuti mawuwo akutulukira pati.

Koma ng'oma yake, yafulati ngati lichero, inkangoti phu, phu. Chinyontho cha Glasgow chinali chitailefula. Onse atapita kukhitchini kukamwa tiyi, ndinaitenga n'kuiyandikiza pa hita yotenthetsera m'holomo, ndikuitembenuza pang'onopang'ono monga tinkawambira ng'oma za mganda ku Dowa. Chikopa chinayamba kuyankha. Ndiye dzanja linakumbuka zake, likufuna phula lomata pakati. Phula panalibe, koma pa bolodi la zidziwitso panali zomatira mapepala zabuluu zija. Ndinaumba kampira n'kukaphwatika pakatikati.

Joan anaima pakhomo, kapu ili m'manja. "Dad, ng'oma imeneyo ndi ya malemu amalume ake a Sardaana. Ngakhale ine sindinaigwirepo."

Sardaana anailandira osandiyang'ana. Anakhudza chomatacho, kenako anamenya kamodzi. Mawu anatsika, akuya, otalika, mpaka galasi la pawindo linanjenjemera. Anamenyanso.

"Kuwamba pamoto nafenso timawamba," anatero m'Chingerezi. "Koma ichi n'cha chiyani?"

Ndinamufotokozera za phula la njuchi losakaniza ndi nsatsi, lomwe limalemeretsa chikopa kuti ng'oma ilankhule ngati munthu wamkulu. Anafunsa kuchuluka kwake, anafunsanso ngati limachoka. Kenako anamatula chomatacho mosamala n'kuyang'ana kabanga komwe kanatsala pachikopa. Ine thukuta linali kamukamu m'dziko lozizira chonchi.

"Pa iyi ayi," anatero. "Ndili ndi ina yogula m'sitolo. Phula lenilenilo mungalipeze?"

Ndinayang'ana Joan. Ankamangitsa nsambo ya gitala yomwe inali yomanga kale.

"Ku Shawlands kuli mayi wogulitsa uchi," anatero osadzutsa mutu. "Loweruka, naini koloko. Mabasi anasintha, musochera. Ndikudzerani."