Mkono wa Assou ndi Shuga wa a Haji Mouloud

Nkhani iyi anandiuza ndi Lahcen, dalaivala wa lole yonyamula anyezi, tsiku limene ananditola pamsewu ndikutsika kumapiri. Ine miyendo yanga siidziwa kukhala malo amodzi, ndipo aliyense wondipatsa mpando ndimamutchera khutu. Lahcenyo anati mwini nkhaniyi ndi mlamu wake, dzina lake Assou.

Assou ndi amene amawotchera anthu buledi m'dera lawo. Amayi amakanda ufa kunyumba n'kubweretsa kuuvuni wake, iye n'kumalowetsa ndi kutulutsa ndi thabwa lalitali. Ndi ntchito yofuna mikono iwiri.

Chilimwe china mipope inauma m'tauni mwawo. Anthu atatopa ndi malonjezo anagwirizana zopita ku ofesi ya khonsolo, aliyense atanyamula tipoti yopanda kanthu. Atafika anakhala pansi n'kumagogoda zivindikiro. Panalibe wonyamula mwala. Apolisi anangofika, osalankhula ndi munthu, n'kuyamba kumenya. Assou anatchinga mutu wa gogo wina ndi mkono wake, chibonga n'kutera pomwepo.

Kunyumba mkazi wake, Itto, anamanga mkonowo ndi mpango.

"Akakufunsani anthu muziti mwagwa pabulu."

"Bulu wa ndani? Ife tili ndi bulu?"

"Ndiye muziti mwagwa nokha. Okudziwani akhulupirira."

"Iwe, usandiseketse, zikundipweteka!"

Anaseka onse, koma mantha analipo. Kuchipatala sanapiteko, poopa kufunsidwa kumene anavulalira. Anangopaka mafuta a azitona, uvuni n'kukhala wozizira.

M'mawa mwake kunafika mlendo, a Haji Mouloud, amalume ake a wapolisi amene anamenya Assou. M'tauni yaying'ono palibe nkhope yobisika. Anavula nsapato, anakhala pansi, n'kuika patebulo chibuluma chachikulu cha shuga wouma gwa, chosongoka pamwamba, chokulungidwa m'pepala. Kwawoko munthu akabwera ndi shuga wotere kudzapepesa, mwini nyumba n'kumuswa, n'kumwera limodzi tiyi, nkhani yatha. Woidzutsanso ndiye amene anthu amamuseka.

"Mwana wathu walakwa," anatero a Haji. "Koma akuluakulu ake akamva, ntchito imuthera. Tiyeni tithetse pano, mwana wanga. Anthu amagwa tsiku ndi tsiku."

Assou anayang'ana pansi. Mkono utapola mokhota, ana adya chiyani? Koma kubweza shuga wa mkulu wa imvi, woti anafika ku Makka, ndi manyazi osaneneka. Anakodola mkazi wake kuti akonze tiyi. Itto anatenga kanyundo koswera shuga, analowa kukhitchini, anapendeketsa mtsuko. Ngakhale dontho.

Anathamangira kwa a neba awo, mayi Zhor, namwino wopuma pantchito amene masiku ano amathandiza kubungwe loona za ufulu wa anthu.

"Achemwali, ndigawireniko madzi a tipoti imodzi. Tili ndi a Haji, abwera ndi shuga."

"Shuga? Uja amabwera naye ofunsira mbeta? Mukukwatitsa ndani?"

Itto anafotokoza zonse. Mayi Zhor anavala mpango, n'kunyamula okha botolo la madzi.

"Madziwa ndikaperekeza. Ndi osowa, angasochere panjira."

Atalowa anapereka moni mwaulemu, kenako anamasula mpango wa pamkono paja.

"Bambo Assou, fupa ili lathyoka. Mafuta a azitona ndi a pa buledi, si a pa fupa. Munagenda munthu kodi?"

"Ayi."

"Munaswa chitseko?"

"Ndinanyamula tipoti basi. Komatu akuti tinalibe chilolezo."

"Mverani. Kusonkhana mwamtendere n'kudandaula ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo boma linasainira mapangano a mayiko onse oteteza ufulu umenewu. Ngakhale pakhale vuto la chilolezo, apolisi ayenera kuyamba alankhula ndi anthu, kuwachenjeza, n'kuwapatsa mpata wochoka. Mphamvu ndi yomalizira, pokhapokha zina zonse zitakanika, ndipo isapyole muyeso. Kumenya munthu amene wakhala pansi ndi mlandu, kaya womenyayo wavala yunifolomu."

A Haji anatsokomola. "Mayi, ine ndabwera ndi mwambo wa makolo."

"Mwambo wake ndi wabwino, a Haji. Kukhululuka ndi kwa bambo Assou, palibe angawaletse. Koma mwana wa mlongo wanuyo sanamenye ndi ndodo ya kumudzi kwanu. Anamenya ndi chibonga cha boma. Tikabisa lero, mawa chitera pamutu pa wina, mwina mdzukulu wanu."

Kenako Assou anakankha chibuluma chija pang'onopang'ono ndi dzanja labwinolo mpaka chinafika patsogolo pa mlendo.

"A Haji, inu ndinu bambo anga. Tiyi timwa, koma ndi shuga wa m'nyumba muno. Ndilibe chidani ndi banja lanu. Chimene sindingathe ndi kunena kuti ndinagwa."

Itto anatulutsa mbale yawo ya shuga, mmene munatsala timibulu towerengeka. A Haji analawa tiyiyo n'kukwinya nkhope.

"Tiyi ameneyu ndi wa maliro?"

"Ndi wa chilala, a Haji," anayankha Itto.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsamwa, koma anamaliza tambula yake asananyamuke.

Tsiku lomwelo mayi Zhor anawaperekeza kuchipatala. Panjira anawalangiza kuti, "Dokotala mumuuze zoona: chimene chinakumenyani, malo ake ndi nthawi yake. Alembe zonse, ndipo kalatayo musunge. Mkonowo tiujambule usanaphwe." Dokotala anaika chikhakha. Kenako atatuwo anayenda khomo ndi khomo kufunafuna mboni. Poyamba zitseko zinkangotsegulidwa pang'ono. Koma gogo wopulumutsidwayo, mayi Tamou, anatuluka ndi ndodo yawo n'kunena kuti, "Ine mano ndilibe, koma pakamwa ndili napo. Lembani dzina langa." Ena atamva anachita manyazi, nawonso analembetsa, ndipo wogulitsa nsomba anabweretsa kanema amene anajambula pafoni. Loya wa bungwe lija anawathandiza kukapereka dandaulo kwa woimira boma pa milandu.

Mlandu unalowa m'khoti. Wapolisiyo anapezeka wolakwa n'kuimitsidwa ntchito, ndipo Assou analandira chipepeso chimene chinadyetsa banja mpaka mkono unapola bwinobwino. Anthu atabwereranso kukhonsolo, apolisi anayenda m'mbali mwawo akuimitsa magalimoto, ndipo mkulu wa khonsolo anatuluka kudzamva madandaulo.

Phunziro lake ndi ili. Kuchita zionetsero mwamtendere si mlandu. Mukavulazidwa musabise: pitani kuchipatala msanga, nenani zoona, pezani mboni, ndipo funsani thandizo kwa loya kapena kubungwe loona za ufulu wa anthu. Kukhululukirana kwa mabanja ndi chinthu chokoma, koma sikulowa m'malo mwa chilungamo.

Za malamulozo ndinafunsapo loya wina amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi, ndipo anavomereza kuti n'zoona. Chimene ndikukayika ndi liwiro lake. Ndayenda m'matauni momwe amayi akalamba akudikira tsiku la khoti, koma m'kamwa mwa Lahcen mlandu wonse unatha tisanafike pothira mafuta. Ndinamuuza kuti sindikukhulupirira kuti zinayenda mosalala choncho. Iye anati ngati ndikukayika nditsike ndikafunse ndekha. Tinali pakati pa chipululu, ndiye ndinakhala chete. Koma mpaka lero ndikukayikabe.