Tsiku Lomwe Jitka Anatseka Pakamwa

M'tauni yonse ya Jihlava munalibe munthu amene anamuonapo Radim Vondra atakhala chete. Ntchito yake inali yometa anthu, ndipo aliyense wokhala pampando wake ankachokapo mutu utapepuka koma makutu atatopa. Mwana wake mmodzi yekhayo, Jitka, wa zaka khumi, anatengera bambo ake ndendende. Awiriwa akayamba nkhani pa chakudya chamadzulo, Marcela, mkazi wa Radim, ankangodya zake. Anasiya kalekale kumaliza nkhani iliyonse imene wayamba.

Chaka chimenecho Jitka ananena kuti akufuna kupita kumsasa wa atsikana pa tchuthi cha chilimwe, kukagona m'matenti m'nkhalango kwa masabata awiri. Marcela anavomera pompo. Radim anavomera ndi pakamwa pokha. Chibadwire cha mwanayo anali asanagoneko kutali ndi iye, ndipo mantha ake anali oti akakavutika kumeneko, sipadzakhala womumva.

Msonkhano wa makolo unachitikira m'holo ya pasukulu. Wotsogolera msasawo anali Mayi Vlasta, nkhalamba yojintcha ya imvi zometa mwachimuna, imene inayamba ntchitoyi Marcela akadali kamtsikana. Atangoti, “Pali wa funso?” mkono wa Radim unali kale m'mwamba.

“Mayi, nanga nkhupakupa?”

“Timawafufuza madzulo aliwonse, mpaka kuseri kwa makutu.”

“Nanga akakana kudya? Wangayu supu wa katsabola samuyandikira.”

“Tsiku loyamba sadya. Lachiwiri amanyambita mbale.”

“Foni?”

“Itsale kunyumba.”

“Akadwala?”

“Nesi tili naye.”

“Nanga nesiyo akadwala?”

Holo yonse inaseka. Marcela anamukoka jekete koma Radim anali atangoyamba kumene.

“Anyamata ali kuti?”

“Kutsidya kwa mtsinje, ndipo amatiopa.”

“Akayamba kulira kufuna kwawo?”

“Amalira masiku oyambirira, n'kudzaliranso tsiku lobwerera,” anatero Mayi Vlasta. “Amene amalira masabata onse awiri ndi makolo. Ndipo ndikuyankhiretu funso lomwe likubweralo, Bambo Vondra: kudzazonda ayi. Kholo limodzi likangotulukira, ana onse amayamba kusuzumira kumsewu.”

Kenako mayiwo anayamba kufotokoza za mayeso a kumsasa, amene mtsikana amasankha yekha kuti aone kulimba mtima kwake. Wina amawoloka mtsinje posambira, wina amakoleza moto ndi kamtengo kamodzi ka machesi. Ovuta kuposa onse ndi a kukhala chete: mtsikana amamanga kansalu kofiira m'khosi belu la nkhomaliro likalira, ndipo salankhula kapena kulemba kalikonse mpaka belu lomwelo mawa lake. Wopambana amamusokerera kachikopa kozungulira pamkono wa malaya.

Makolo onse anamva zimenezi kupatula mmodzi. Radim anali atatembenukira kwa bambo wina kumbuyo kwake, akukangana ngati nkhupakupa imachotsedwa popotokolera kumanja kapena kumanzere.

Tsiku lonyamuka, Jitka anakwera basi akulankhula, anakhala pansi akulankhula, ndipo basi ikukhota pakona milomo yake inkaonekabe pawindo ikugwira ntchito. Radim anathamangira basiyo pang'ono ndi buledi wa nyama yokazinga amene mwanayo anaiwala. Anabwerera naye n'kumudya yekha m'galimoto, misozi ili lengelenge.

A kumsasa ankaika zithunzi pa intaneti tsiku ndi tsiku, ndipo Radim ankazifufuza ngati wapolisi. Jitka anali wosavuta kumupeza: pachithunzi chilichonse, mtsikana woyasama uja ndiye. Koma m'mawa wina, sabata yachiwiri itayamba, Radim anatsegula foni ali kuntchito n'kuona zimene sanazionepo. Jitka anali atakhala pachitsa, milomo ili phwii, kansalu kofiira kali m'khosi.

Anakulitsa chithunzicho mpaka mphuno ya mwanayo inadzaza foni yonse. Mwana wake sankatseka pakamwa ngakhale ali m'tulo.

Anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, kumuuza kuti masiku ano achinyamata akumeta choncho, n'kutseka chitseko. Marcela sanamuimbire, podziwa kuti amuletsa. Kumbuyo kwa galimoto kunali dengu la bowa, monga zilili ndi galimoto ya munthu aliyense wanzeru kumeneko m'chilimwe, nyengo yawo yozula bowa. Anaponyamo juzi, mankhwala a pakhosi, kopanira nkhupakupa ndi chokoleti. Lamulo linkaletsa kholo kuzonda mwana, koma palibe lamulo loletsa munthu kuzula bowa m'nkhalango ya dziko lake.

Anaimika galimoto patali n'kuyamba kuzemba m'mitengo, akumawerama apa ndi apo kuti aoneke ngati wofunadi bowa. Bowa weniweni anamupondaponda osamuona. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo pamene anaona matenti oyera m'dambo, ndipo kumtsinje, payekha, kamtsikana kakukwecha chimphika chachikulu ndi mchenga.

“Psss! Jitka! Ndine!”

Mwanayo anatembenuka. Nkhope yake inawala, pakamwa panatseguka, kenako anadziphimba msangamsanga ndi manja onse awiri.

“Mwana wanga, akutani? Ndi pakhosi? Ndinanena ine kuti madzi a mumtsinje ndi ozizira! Yasama ndione.”

Jitka anapukusa mutu. Analoza kansalu kaja, n'kuika chala pamilomo.

“Akuopseza kuti usaulule? Ndani? Chimayi chija?”

Jitka anapukusa mutu mwamphamvu mpaka tsitsi linamumenya m'maso. Analoza dzuwa, n'kusonyeza ndi zala ziwiri kuti kwatsala pang'ono chabe.

“Dzuwa lakuwotcha? Nanga chipewa chili kuti? Ndiye akukwechetsa chimphika chonsechi uli wodwala? Wadya? Ukugona bwino? Masokosi ouma uli nawo? Kuchimbudzi ukupita?”

Mwanayo anadumphadumpha, anagwira m'mutu, anakankha bambo ake kuloza komwe anachokera. Radim anaona mwana wovutika amene akuteteza bambo ake ku zoopsa. Mtima unamupweteka kwambiri moti anagwada mumchenga n'kumugwira mapewa.

“Tamvera, Jitka. Ine sindikukakamiza. Ngati ukufuna kutsala, ungonena. Liwu limodzi lokha. Ukapanda kunena, ndadziwa, tikupita kwathu pompano.”

Jitka anagwedeza mutu kuvomera kuti akufuna kutsala, anagwedezanso, analoza matenti, anagwira pamtima.

“Zogwedeza mutu sindikuzifuna. Ndimve ndi makutu angawa.”

Kunali zii. Madzi okha ndiwo ankamveka.

“Basi, tiye.”

Anamugwira dzanja. Jitka anakakamira chigwiriro cha mphika ndi dzanja linalo, choncho anayamba ulendo atatu: bambo patsogolo ndi dengu, mwana pakati akukanda pansi ndi zidendene, mphika pambuyo ukugubuduka m'miyala. Radim ankalankhula njira yonse, kumulonjeza supu wa nkhuku ndi bedi lake lofewa. Atafika pamitengo yoyambirira, Jitka anaona galimoto ikunyezimira patsogolo, ndipo anadziwa kuti bambo ake sakucheza.

“Ababa, ndisiyeni! Ndikufuna kutsala!”

Mawuwo anamveka dambo lonse, mpaka anyamata a kutsidya ayenera kuti anawamva. Radim anasangalala. “Ehee! Pakhosi pali bwinobwino!” Asanamalize, kumatenti kuja wina anamenya chitsulo chopachikidwa pamtengo. Linali belu la nkhomaliro.

Jitka anakhala pansi pafupi ndi mphika n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kosabisa. Atsikana anabwera akuthamanga, Mayi Vlasta ali pambuyo pawo osafulumira. Mwanayo anamasula yekha kansalu kaja n'kukapereka.

“Ndalankhula, mayi. Belu lisanalire.”

Mayi Vlasta anasuzumira m'dengu muja. “Bambo Vondra, bowa wa chaka chino ndi wachilendo. Wina wa ubweya, wina wa chokoleti.”

“Mwanayu anali wosalankhula! Kholo lililonse likanabwera.”

“Anali pa mayeso a kukhala chete. Ndinafotokoza pamsonkhano paja.”

“Simunanene zimenezo, mayi!”

“Ndinanena. Inu munali kalikiliki kupotokola nkhupakupa.”

“Kuno amanditcha Wailesi,” anatero Jitka akusisima. “Onse amati sindingathe ngakhale mpaka madzulo. Ndinatha, ababa. Mavu anandiluma, sindinakuwe. Dzulo anaphika supu wa katsabola, sindinadandaule. Usiku ndinadzimanga sokosi pakamwa kuti ndisabwebwete. Kunangotsala belu lokha, ndiye inu mwabwera.”

Radim anatsegula pakamwa ndipo kwa nthawi yoyamba sanapezemo kanthu. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Anabwera kudzapulumutsa mwana wake, ndipo chinthu chokhacho choipa chimene chinamugwera mwanayo kumsasa konse anali iyeyo.

“Mayi, chonde,” anatero kenako, mawu atachepa. “Wolakwa ndine. Mupatseni kachikopako.”

“Sangakalandire, ndipo iye mwini sangakafune. Wolephera amayesanso chaka chamawa.” Mayi Vlasta anayang'ana mwana, anayang'ana bambo, n'kukanda imvi zawo. “Koma tili ndi mwambo wina. Amene walankhulitsa mnzake dala amasenza naye limodzi. Jitka angayambenso lero, ngati inu muvala kanu. Mmodzi akalankhula, mwagwa nonse.”

Atsikana anakuwa ndi chimwemwe. Mayiwo anatulutsa kansalu kena m'thumba la apuloni.

“Nanga mudziwa bwanji ngati ndalankhula? Nanga kasitomala akandifunsa? Nanga kutsokomola? Kuimba mluzu? Nanga foni ika...”

“Marcela anakulira m'manja mwangamu pamsasa pompano, ndimuimbira. Mwatha mafunso?”

Jitka anapukuta mphuno n'kuyang'ana bambo ake. “Simungathe, ababa.”

Radim anawerama n'kupereka khosi.

Zimene zinachitika ku Jihlava tsiku limenelo anthu amazikambabe. Kasitomala wa mbali imodzi uja anabwerera kudzakalipa, Radim n'kumaliza kumumeta osayankha, mpaka munthuyo anapepesa yekha. Bambo Zelenka, nkhalamba imene inkameta kwa iye kuyambira kale, inamuyang'ana pagalasi n'kuvula magalasi ake. “Radim, kwagwa zovuta? Ndi Marcela?” Radim anapukusa mutu. Nkhalambayo inagona tulo pampando, ndipo podzuka inati sinametedwepo bwino chotero.

Koma amene anadyerera ndi Marcela. Madzulo anaphika, anakhala moyang'anizana ndi mwamuna wake, n'kuyamba. “Paja ndinkakuuzani za mchemwali wanga, chaka chija tinagula firiji?” Anamaliza nkhani imeneyo, anamaliza ina, anamaliza yachitatu. Radim anamva kuti mkazi wake anakwezedwa pantchito nyengo yachisanu yapitayo, kuti makatani a kuchipinda sanawakondepo, ndiponso kuti iye naye ankalowa m'chipinda cha Jitka m'mawa uliwonse kukanunkhiza pilo. Apa Radim anatsala pang'ono kugwa mayeso. Analuma supuni, n'kugwira dzanja la mkazi wake.

Mawa lake masana Marcela anaimbira Mayi Vlasta. “Akwanitsa, mayi. Ndikupempha muonjezereko tsiku lina.”

Loweruka basi inafika pabwalo la sukulu. Jitka anatsika atada ndi dzuwa, maondo ali ndi zipsera, sokosi iliyonse mtundu wake, kachikopa kozungulira katasokedwa mokhota pamkono. Radim anali atasunga mafunso odzaza dengu: wadya, wagona, nkhupakupa zingati, juzi ija ili kuti. Anawameza onse. Ananyamula chikwama n'kumusiya mwanayo alankhule, ndipo analankhuladi kuchokera pabasi mpaka pagalimoto, za moto, za mavu, za anyamata amene anabwera kudzaba mbendera n'kugwera m'madzi.

“Ndipo chaka chamawa ndikupitanso, ababa. Akuluakulu amakhala masabata atatu.”

Radim anaika chikwama m'galimoto pafupi ndi dengu lija. Funso limodzi lokha linakana kumezeka.

“Unandisowako?”

Jitka anaganiza kaye, chinthu chimene anaphunzira kumsasa.

“Masiku ena ayi,” anatero. “Koma tsiku lachiwiri la kukhala chete lija, kwambiri. Chilichonse chimene ndinkaona ndinkafuna kukuuzani inuyo. Ndiye ndinkangoti, nawonso ali chete kumeneko, akundidikira.”

Radim anakhala pa chiwongolero osaliza galimoto. Marcela, amene anali pambali pake, anamupatsa kampango.

“Ababa, mukulira?”

“Ndi pakhosi,” anatero Radim. “Pitiriza, ndikumva.”