Khola Linapsa, Matenda Anatsala

"Abwerera bwanji matendawo, poti khola ndinaotcha ndekha?" anafunsa atelala, ataima pakhomo la wodi, tepi yoyezera idakali m'khosi.

Amuna awo, amene anthu ankangowatchula kuti a Nkhunda chifukwa cha mbalame zawo, anali gone pabedi, kansalu konyowa kali pamphumi. Mutu unkawang'ambanso ngati chaka chatha, pamene achipatala anapeza kuti nkhungu yomera m'zitosi za nkhunda yawalowa mpaka ku ubongo.

Nthawi imeneyo atelala sanazengereze. Anagawa mbalame zonse, khola n'kuliyatsa moto. Mutu utaleka, anaona kuti mapiritsi akungowachititsa bambowo nseru. "Njoka tapha, ndodo n'njachiyaninso?" Anayamba kuwapatsa theka, kenako mwa apo ndi apo, mapeto ake anasiyiratu.

"Mayi, nkhunguyo sinapsere m'khola," anatero adokotala. "Inatsala mwa bambowa. Ndipo mankhwala aja sakuigwiranso."

"Omwe aja anagwira chaka chatha?"

"Omwewo. Nkhungu imeneyi ili ndi tizidutswa ta chibadwa chake tosakhazikika. Ikamva kutentha kwa thupi la munthu, timachoka pamalo pake n'kukadzisokerera pena. Inu mumasoka, mukudziwa: mukasuntha thumba, malaya asintha. Mwa apo ndi apo imatuluka ina yosamva mankhwala. Mapiritsi a theka aja anapha yofooka, yolimbayo n'kupeza malo."

Atelala anacheukira amuna awo.

"Chinthu chopanda mutu, chopanda manja, n'kumadzisoka chokha? M'kati mwa munthu?"

A Nkhunda anatsegula diso limodzi. "Mwapeza mnzanu wa ntchito, akunyumba," anatero motsitsa. "Ndiye nkhunda zanga zinangopita ulele."

"Khalani chete inu, mukudwala."

"Atsala mankhwala a m'diripi," adokotala anapitiriza. "Ndi aukali, amalemetsa impso. Bambowa tiwagoneka."

"Achira?"

"Tiyesetsa, mayi."

Kushopu kunali diresi la ukwati lodikira manja. Atelala anatulutsa foni, n'kuuza mwini diresiyo kuti akapeze wina womalizitsa. Mtsikanayo anayamba kulira, iwo anadula. Kenako anakokera mpando pafupi ndi bedi, n'kukodola namwino amene ankapachika botolo loyamba.

"Mwanawe, ndiuze nthawi zake zonse. Ukachedwa ndikulondola."