Chiwongolero cha Bwato la a Lazaro

"Gwirani waya uyu, bambo aang'ono, musataye," anatero Moffat, mwana wa a Lazaro, mutu uli m'kati mwa bwato.

A Obed anagwira monyinyirika. Iwo analowa m'chigafamo kudzamasula injini, osati kudzagwirira mwana waya. Akulu awo, a Lazaro, anali atangoikidwa kumene m'manda, ndipo abale anali atamvana kale kuti injini ya bwato ipite kudimba kwa a Obed, izikapopa madzi.

Mayi Esitere, mkazi wa malemuwo, anakhala pakhomo la chigafa akusenda mtedza. M'mawa umenewo anali atalankhula mawu ochepa chabe.

"Alamu, injini sindikukanizani. Koma munthu wasiya ntchito pakati. Moffat amalize kaye, bwato lilowe m'madzi kamodzi, ndiye mutenge."

Ku Bowe konse ankawaseka a Lazaro. Mlimi wa fodya wa kumapiri, bwato n'lachiyani? Iwo analikhoma ndithu ndi matabwa, naliika padamu la kuseri kwa phiri. Mayi Esitere ankakhala kutsogolo ndi ukonde, amuna awo kumbuyo atagwira mpini wa injini, ndipo makumba ndi milamba sizinkasowa pakhomo. Matenda atayamba, a Lazaro anabwera kuchokera ku Mponela ndi chiwongolero cha galimoto yakufa, mawaya ndi timagudumu tachitsulo. Ankafuna kuti bwato liziwongoleredwa kutsogolo, munthu osakhudza injini. Anakhoma mpando ndi chiwongolero, koma mawaya sanathe kulumikiza.

"Achimwene anali ndi misala yawoyawo," anatero a Obed. "Iwe, wayayo ukudutsitsa pati? Akhula thabwa ameneyo."

"Nanga ndidutsitse pati?"

"Tachoka, ndikuonetse."

Mayi Esitere anaweramira m'lichero kubisa kumwetulira. Alamu awo anali atavula jekete, atagwada m'fumbi, akukangana ndi Moffat za kagudumu. Kakwiyidwe kawo kanali ka a Lazaro ndendende, mpaka lilime lotulukira pambali pomanga bawuti.

Dzuwa lisanafike pamutu, bwato linali pangolo. Anamfedwa amene anali asanabalalike anatsatira m'mbuyo, amayi ena mipango ya maliro ikadali kumutu.

Padamu paja Moffat analiza injini. A Obed anati woyamba kuyesa akhala iwo, poti ndi amene anakonza mawaya. Anadzipanikiza pampando, mawondo ali m'khosi, napotokola chiwongolero kumanja. Bwato linakhotera kumanzere. Anapotokolanso mwamphamvu, bwato n'kuthamangira m'bango, phwa! Abakha a m'madzi anabalalika, chipewa cha a Obed chili yandayanda.

"Mwapingasa mawaya, bambo aang'ono!" anakuwa Moffat.

"Wapingasa ndiwe!"

Kumtunda anthu anagwa nako kuseka. Mayi Esitere anayesa kudzigwira pakamwa ndi chitenje, koma zinakanika. Anaseka mpaka misozi, kuseka koyamba chimwalirire amuna awo, ndipo palibe anawadzudzula.

Anthu anakokera bwatolo kumtunda, nasinthanitsa mawaya aja. A Obed anatuluka akuwongola msana.

"Mpando umenewu sunakhomedwere munthu. Ngakhale iwe Moffat sungakwanepo. Achimwene ndi kutalika kuja akanakhalapo bwanji?"

Atatero anayang'ana mpando, nayang'ana mlamu wawo, mayi wamfupi amene mutu wake sunkafika n'komwe paphewa la a Lazaro.

"Alamu, tabwerani."

"Ine? Injini sindinaigwirepo chibadwire. Ndimaiopa."

"Simuigwira. Tangokhalani apa."

Mayi Esitere anakwinya chitenje, nalowa. Msana unakhazikika bwinobwino. Manja anagwera pachiwongolero osatambasula. Moffat analizanso injini, nakhala pansi kumbuyo, manja ali pachifuwa.

Poyamba bwato linayenda mokhotakhota ngati loledzera. Kenaka mayiwo anazindikira kuti likumvera iwo. Analoza kumene kunali chitsa cha mkuyu, malo amene kale ankachita kukuwira amuna awo kuti akhotere, ndipo bwato linapita lokha osauzidwa kawiri. Anazungulira damu lonse, mphepo ikuwomba mpango, amayi kumtunda akululutira ngati paukwati.

Pobwerera anapeza a Obed ataima m'madzi ofika m'mawondo, akudikira kugwira chingwe.

"Sipanala yomasulira injini ili m'ngolo, alamu," anatero mayi Esitere. "Pangano ndi pangano."

"Dimba langa lazolowera kuthiriridwa ndi khekheni," anayankha a Obed, maso ali kumbali. "Koma mlamba woyamba ndi wanga."

Anthu anayamba kukwera chitunda, nkhani ya m'bango ili pakamwa. Mayi Esitere anatsalira pampando paja. Pofuna kudzuka m'pamene anazindikira kuti ulendo wonsewo miyendo yawo sinalendewere monga imachitira pa benchi ya kutchalitchi. Anasuzumira pansi. Panali kathabwa kopondapo, kopalidwa bwino m'mbali kuti kasabaye phazi lopanda nsapato.

Anavula patapata, napondapo ndi mapazi onse awiri, nakhala kaye pang'ono.