Chimbudzi Chimene Chinkakuwa

"Chotsani mabotolo amenewo patebulo, alamu. Mwanayu si lole yoti muziithira oilo aliyense."

Anatero mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, asanaike n'komwe chikwama pansi. Ine n'kuti nditandandalika mankhwala onse a m'maulendo anga: mapilitsi ofiira amene ndinagula mumzinda wa chisanu kumene mpweya umaundana pandevu, ufa wa m'kachitini wochokera kudoko kumene sitima zimatalika kuposa nyumba zosanja, ndi kabotolo kena kolembedwa zilembo zonga mapazi a nkhuku.

"Alamu," ndinatero, "mankhwala awa anandipulumutsa ine m'mayiko amene inu simungawapeze ngakhale pamapu."

"Inu muli ndi mimba ya thanki. Uyu ali ndi zaka zinayi."

Mundimvetse, ine si munthu wamba. Ndinayamba ndi sipanala yobwereka, kukonza mipope yodontha m'nyumba za eni. Lero shopu yanga ya zipangizo za m'bafa ndi imene eni mahotela amabwera kudzaigwadira. Ndakwera ndege mpaka atsikana a m'ndege amadziwa kuti tiyi wanga safuna shuga. Koma tsiku limenelo ukatswiri wanga wonse unali utathera pa sofa, pamene mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, amene ndimamutcha Manijala chifukwa ndiye amandilamula, anadzipinda ngati bongololo, mimba ili gwa. Sabata inali pafupi kutha asanachite chimbudzi. Chakudya ankangochiyang'ana. Mayi ake anali atapita kukadwazika bambo awo, ndipo ponyamuka ndinawauza kuti, "Pita mtima uli m'malo, nyumba yatsala m'manja mwa katswiri."

M'mawa wa tsikulo tinali kwa dokotala. Anamupima thupi, kumufinya mimba, n'kufunsa ngati akusanza.

"Ndi kudzimbidwa chabe," anatero. "Azimwa madzi ambiri, azidya zipatso, ndipo musamupatse mankhwala a akuluakulu. Zikapanda kutheka pofika mawa masana, mubwere naye tidzamupope."

Potero anatulutsa kapaipi m'kabati kuti andionetse. Manijala atakaona anandikakamira m'khosi mpaka batani la kolala linaduka. Tili m'galimoto ndinamulonjeza kuti kapaipi kameneko sikadzamukhudza. Ine sindinalonjezepo kasitomala chinthu n'kulephera, koma apa sindinkadziwa poyambira. N'chifukwa chake ndinaimbira foni mlamu wanga, mwini sukulu ya mkaka, munthu amene pakamwa pake pamathwa kuposa lumo.

Anayamba ndi madzi ofunda m'kapu yaing'ono, kumwetsa mwanayo pang'onopang'ono uku akumusimbira nkhani ya chule wa ludzu. Kenako ananditumiza papaya lakupsa kwambiri ndi malalanje.

"Musafinye madzi okha," anandikuwira ndili m'khitchini. "Adye ndi nsensa zake zomwe. Ndiye tsache la m'mimba limenelo. Ife mayi athu anatilera choncho, onse tili moyo. Mabisiketi amene mwadzaza m'kabatimu mukawagawire anyamata anu a kushopu."

Dzuwa litapendeka anatitulutsa panja. Ati mimba imayenda mwini wake akamayenda. Ine, munthu amene ndinadyapo patebulo limodzi ndi eni mafakitale, ndinathamanga kuzungulira galimoto ndikulira ngati mbuzi, mwana akundithamangitsa chowerama, mlonda wa pageti atatembenukira kumpanda mapewa akugwedezeka.

Titalowa, mlamu anafunditsa mafuta ophikira m'kambale, n'kugoneka mwanayo chagada pa thawulo. Kenako anatambasula zala zake. Zikhadabo zinali zitalizitali, zopakidwa kumene ku saluni.

"Ine ndi izi ndingamung'ambe. Bwerani kuno, a Bwana Mipope. Manja a sipanalawo aphunzire ulemu lero."

Anandionetsa njira yake: kuyambira m'munsi kudzanja lamanja la mwana, kukwera, kudutsa pamwamba pa mchombo, n'kutsikira kumanzere. Mofewa, mozungulira, osabwerera m'mbuyo.

"Dikirani kaye," ndinatero. "Imeneyi ndi paipi! Ikukwera, ikukhota, ikutsika. Alamu, ntchito iyi ndi yanga yeniyeni!"

"Ndiye itsegulenitu, tione."

Ndinasisita. Pansi pa zala zanga ndinamva timibulu tolimba kumanzere, ndipo mtima wanga unawawa. Tinamupinda maondo kufika pachifuwa, kuwatambasula, kuwapindanso. Mwadzidzidzi Manijala anaphwisa, phokoso lake ngati njinga yamoto ikuliza. Anadzidzimuka yekha, n'kuseka koyamba sabata yonseyo.

"Injini yalira!" ndinafuula.

Koma kunada, kunacha, osachita kanthu.

M'mawa mwake mlamu analawirira, atasiya sukulu m'manja mwa aphunzitsi ake. Tinabwereza zonse: madzi ofunda, papaya, kusisita. Mimba inali itafewa ndithu. Chakudya cham'mawa chitangotsika, mwanayo anadzuka n'kukabisala kuseri kwa katani, miyendo ataipiringiza, nkhope ili thukuta lokhalokha, akuimira zala za kumapazi.

Mlamu anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, paipi yanu yatseguka kale," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu akudzigwira dala. Ana otere ndimawaona kusukulu. Pali chimene akuopa." Anagwada pafupi ndi katani. "Mwanawe, tiye kuchimbudzi ndi amayi aakulu."

"Ayi!"

"Chifukwa chiyani, mayi?"

Anangopukusa mutu, misozi ili mbwembwembwe. Ndinayang'ana wotchi. Masana anali kuyandikira, ndipo kiyi wa galimoto ankandilemera m'thumba ngati mwala.

Ndinakwawira kuseri kwa katani komweko, ine ndi chimimba changa, n'kukhala pansi pambali pake. Munali fumbi ndi fungo la nsalu yotenthedwa ndi dzuwa.

"Bwana Manijala," ndinanong'ona, "wantchito wanu wabwera kudzamva dandaulo. Amayi aakulu sakumva."

Anandigwira khutu ndi dzanja lonyowa.

"Adadi, chimakuwa."

"Chiyani?"

"Chimbudzi. Ndikakhalapo chimakuwa, chimafuna kundimeza. Chili ndi diso lofiira."

Tsono ndikuuzeni za chimbudzicho. Titasamukira m'nyumba yatsopanoyi mwezi umenewo, ndinaikamo chimbudzi chimene palibe aliyense mumsewu wathu anali atachionapo. Ndinachiona pa chionetsero cha zamalonda kutsidya kwa nyanja, n'kunena kuti ichi sichipita kwa kasitomala, n'changa. Chachitali, choyera mbee, chopanda chogwirira. Chili ndi kadiso kamagetsi pakhoma kamene kamaona kuti munthu wadzuka, n'kugejemula chokha. Alendo onse ndinkayamba kuwaonetsa chimenechi asanamwe tiyi.

Ndinalowa m'bafa, mlamu ali pambuyo. Ndinakhalapo ndi thalauza langa lomwe. Bata. Kenako ndinawerama, kudzichepetsa mpaka msana wanga unatsika kufika msinkhu wa mwana. Pomwepo madzi anabangula pansi panga, mkokomo wake n'kumveka m'matailosi onse. Ndinalumpha mpaka kugunda mutu pa shelefu ya sopo.

Kadisoko anakapangira msana wa munthu wamkulu. Mwana akangosuntha pang'ono, kankaganiza kuti wachoka.

Mlamu anatsamira chitseko, kuseka mpaka kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mayo ine! Munthu kuwoloka nyanja kukagula chilombo choopseza mwana wake yemwe!"

"Sekani bwino, alamu, koma amene wapeza vuto ndi injiniya."

"Wapeza ndi mwana. Tsono tamverani, injiniya. Kutseka diso lokhalo sikukwana. Taonani kutalika kwake. Miyendo ya mwana imangolendewera m'malere, angakankhe bwanji? Ife tinakula tikunyonyomala, maondo ali m'mwamba. Pezani chopondapo."

Ndinavula tayi, n'kuikulunga pa kadisoko, n'kuimanga mfundo ya mipope imene simasuka. Chopondapo ndinasowa. Mipando ya m'nyumbamo yonse inali yaitali, yonyada ngati mwini wake. Ndinathamangira kuchipinda n'kukokera kunja sutikesi yanga yolimba, yodzaza zomata za mabwalo a ndege, n'kuigoneka patsogolo pa chimbudzi.

Manijala anabwera atagwira chala changa, akuponda ngati pali minga. Anaima pakhomo.

"Ndachimanga m'maso," ndinamuuza. "Sichikuona. Taonani." Ndinavina patsogolo pake, kuwerama, kudzuka, kugwedeza m'chiuno. Chilombo chinali duu.

Ndinamukweza. Mapazi ake anaponda pa sutikesi, maondo n'kukwera kupitirira chiuno. Anandigwira manja onse awiri, zikhadabo zake zikundilowa m'khungu.

"Usakankhe mwamphamvu, mwanawe," anatero mlamu ali pakhomo. "Uzira ngati ukuzimitsa kandulo. Adadi akonso auzire, mpweya ali nawo wambiri, amangowonongera kudzitama."

Tinauzira. Ine ndi mwana wanga, maso ndi maso, masaya ali tutumu. Analira pang'ono, n'kunena kuti zikupweteka, ine n'kumuuza kuti ndikudziwa, Bwana, uziraninso. Maondo anga anachita dzanzi pa matailosi. Kenako nkhope yake inafiira, maso anatong'oka, ndipo tinamva kaphokoso kakang'ono m'madzi.

Ndamvapo magulu a zoimbaimba m'maholo okhala ndi nyali zagolide. Palibe nyimbo imene inandikomera ngati imeneyo.

Mlamu anaimba nthungululu m'kolido. Ine ndinafuna kunena mawu akuluakulu oyenera tsikulo, koma ndinapezeka ndikupukuta m'maso. Ndinangoti, "Alamu, zikomo." Mayi ameneyu mpaka lero akandiimbira kuti mpope wa kusukulu kwake ukudontha, sindituma mnyamata. Ndimapita ndekha, ndi suti yomwe.

"Musalire, a Bwana Mipope," anatero. "Imbirani dokotala, kenako mkazi wanu. Ndipo papaya ndi madzi zisalekeke chifukwa cha lero lokha."

Titamusambitsa, Manijala sanafune kutuluka. Anakweranso pa sutikesi, n'kuloza tayi.

"Adadi, chimasuleni."

"Chikuwatu."

"Chimasuleni."

Ndinamasula mfundo. Kadiso kanaphethira, madzi n'kubangula monga mwa masiku onse. Mwanayo anagwira m'chiuno, anakoka mpweya, n'kuchikuwira nayenso ndi mawu ake onse, pakamwa pali yasa, mpaka madzi anatha iye akadakuwabe.