Galasi la Kumanzere

"Makilomita onsewa?" Wogula anapukuta fumbi pa mita ndi chala, n'kuseka. "Njinga imeneyi ndi nkhalamba."

"Muyilize kaye, kenako munene," anatero mtsikana, mzime wa pakhomopo, ataima pakhomo la shedi, manja atapinda. Dothi la pamanda a bambo ake linali lisanaume, koma achimwene ake anali atabwera kale ndi munthu wodzagula njinga yamoto ya malemuwo.

"Iwe, tatseka pakamwa," anatero achimwene. "Uziyendetsa ndiwe? Ikangokhala muno ichita dzimbiri. Amayi akufunika denga losadontha, osati chitsulo."

Wogula anapotokola kiyi. Injini inayankha pomwepo, ndi mawu akuya, osatsokomola. Mtsikanayo anagwira chitseko. Anali mawu omwe aja amene ankakhota pamsewu wawo madzulo alionse, ndipo miyendo yake inafuna kuthamangira kukatsegula geti.

Bambo ankasintha oyilo asanade. Tcheni ankaitsuka ndi mswachi wakutha, matayala ankawapapasa ngati mutu wa mwana wodwala. Ankati njinga sikalamba ndi msewu, imakalamba ndi ulesi wa mwini wake.

"Ayi, mdalayu ankaisamala," anavomera wogula, atatchera khutu. "Ingayendenso ulendo wina ngati womwewu. Ndaitenga." Anakhala bwino pachishalo, n'kukwinya nkhope. "Koma galasi ili ndiye ayi. Msewu sukuoneka. Ndikungoona mpando wakumbuyo."

Anatambasula dzanja kuti aliwongole.

"Lisiyeni!"

Anali amayi. Kulira kwa injini kunawatulutsa m'nyumba, thovu la sopo lidakali m'manja. Chifikire kuchokera kumanda anali asanakwezepo mawu.

"Langopotoka, Amayi," anatero achimwene.

"Silinapotoke." Amayi anatembenukira kwa mtsikanayo. "Mwana iwe, takhala kutsogoloku."

Wogula anatsika. Mtsikanayo anakhala pamalo a bambo ake, nagwira mahandulo omwe mphira wake unali utasalala ndi zikhatho zawo. Njinga inatsika pang'ono amayi atakwera kumbuyo. Mtsikanayo atakweza maso, m'galasi la kumanja anaona geti ndi msewu. M'galasi la kumanzere munali nkhope ya amayi ake yokhayokha, yathunthu.

"Ndinkawakalipira tsiku ndi tsiku," anatero amayi. "Ndinkati mudzatiphetsa, bambo inu. Iwo ankati magalimoto onse akwana m'galasi limodzi."

Palibe anaseka. Injini inkangogunda pansi pawo ngati mtima. Mtsikanayo analakalaka atangoponda giya, awatenge amayi ake, apite nawo kulikonse kumene msewu uthera.

Achimwene anayang'ana denga la nyumba kwa kanthawi, kenako anazimitsa injini, nazula kiyi.

"Pepani, akulu," anauza wogula. "Mwayenda ulendo wachabe."

Amayi anatsika pang'onopang'ono. Anapukuta manja pa diresi lawo, nagwira nsonga ya nsalu, n'kupukuta galasi lija mosamala kuti lisasunthe.